Ndalama za chaka chino: mjigo kapena ova-ova?

Mlembi: Mwaswera bwanji nonse. Pa msonkhano wa Lamulungu wa ife a Malawi okhala ku Harare, womwe unali ku Mufakose, sitinamalize nkhani. M'thumba muli $1,150. Ena akuti tiphatikize ndi zopereka za chaka chamawa tikumbe mjigo kumudzi, koma bambo a Tiyamike abweretsa ganizo la mawailesi a ova-ova. Afotokoze okha, amene simunabwere mumve.

Bambo a Tiyamike (Dzivarasekwa): Zikomo alembi. Namondwe wa Freddy atagwa mu Malichi 2023 ndinatha masiku asanu osadziwa ngati mayi ali moyo ku Nkhulambe. Foni ndinkagona nayo pamtima, ikangonjenjemera ndadzuka, kuona ndi uthenga wotsatsa mabandulo. Magetsi anazima, nsanja za netiweki zinatha mphamvu, milatho inapita ndi madzi. Ngakhale a kuboma sankadziwa kuti mudzi uti watsala. Wailesi ya ova-ova sifuna nsanja ya kampani. Batire ya galimoto, kasola, waya, basi mwalankhulana. M'mayiko ambiri muli anthu ongodzipereka amene amachita zimenezi mwa chidwi chawo, ngozi ikagwa n'kumatumiza mauthenga a chipatala ndi a opulumutsa anthu.

Make Chisomo: Pepani alamu, zimene munaona tonse zinatikhudza. Koma napolo amabwera kamodzi pa zaka zingati? Wa ku Michesi uja anali 1991, Freddy 2023. Madzi ndiye timamwa tsiku ndi tsiku. Mchemwali wanga amadzuka mbandakucha kukaima pamzere wa zigubu. Mukamuuze kuti tamugulira wailesi.

Agogo a ku Mbare: Kodi wailesi yake ndi yomvera nyimbo ndi mauthenga a maliro ija? Nanga si aliyense ali nayo kale?

Bambo a Tiyamike: Ayi agogo, iyi ndi yolankhulira. Ngati ija amanyamula apolisi ndi alonda.

Mjomba wa ku Epworth: Apo ndiye ndilowepo, poti ulonda ndaugwira zaka 14 ku Msasa ndi ku Graniteside. Tiwailesi ta m'manja tija musatikhulupirire kwambiri. Ndikalowa kuseri kwa wealahausi, mnzanga wa pageti sankandimvanso, kumangomveka phokoso ngati mukukazinga chimanga. Ndiye mukuti kadumphe phiri la Mulanje?

Kondwani: Amalume akunena zoona. Ine ndimakonza zamagetsi, ndipo kasitomala wanga wina, mdala wa ku Hatfield, ali ndi laisensi ya zimenezi. Anandionetsa kachipinda kake. Mawailesi a m'manja ndi a VHF, cha pa 145 MHz, mafunde ake amayenda molunjika, phiri likatchinga zathera pomwepo pokhapokha muike ripita, chipangizo cholandira mawu n'kuwaponyanso patali, pamwamba pa phirilo. Koma pali ena a HF. Pa 7 MHz mumamanga waya wa mamita 20 pakati pa mitengo iwiri, osakweza kwambiri. Mawu amapita kumwamba n'kubwerera pansi kuseri kwa phiri. Ine ndili pomwepo anayankhulana ndi munthu wa ku South Africa, waya wake atamangirira ku mtengo wa mapeyala. Kungoti HF ndi yodula. Ka m'manja kamapezeka ndi madola makumi angapo, HF ngakhale yogwiritsidwapo kale ndi madola mazana.

Msungichuma: Madola mazana angati, Kondwani? Chifukwa wailesi imodzi silankhula yokha. Zikhale ziwiri, mabatire awiri, masola awiri. Ndiye kutumiza pa basi, kudutsa Nyamapanda, Tete, Mwanza, ndi msonkho wa pachipata. Thumba latha.

Kondwani: Ndipo si kungogula. Kuno ku Zimbabwe laisensi imachokera ku POTRAZ, kwathu ndi MACRA. Munthu amapatsidwa dzina lake la pa wailesi, a Malawi limayamba ndi 7Q, a kuno Z2. Lamulo lake salola kuchitirapo bizinesi kapena kulankhula mobisa mawu, aliyense amamva. Mukangotumiza katundu popanda mapepala mumangitsa munthu.

Make Chisomo: Mwamva? Ndiye batire ija, pofika Disembala ikhala ili pa benchi ya wotchajitsa mafoni. Sola ya kusukulu tinagula ija ili kuti lero? Tisanamizane.

Bambo a Tiyamike: Ya kusukulu tinalakwitsa tokha, tinangotumiza osasankha woyang'anira. Ine sindikukana mjigo. Koma kumbukirani Idai mu 2019 kuno konkuno, Chimanimani, anthu a ku Ngangu ndi ku Kopa. Tinkasonkha zovala kutchalitchi, misewu itaduka, osadziwa kuti zikafika liti. Namondwe wa Ana anabwera 2022 n'kuwononga Kapichira, dziko lonse mdima. Alamu, zinthu izi sizikudikiranso zaka 30.

Wapampando: Ndawerenga zonse. Funso langa ndi limodzi, ndipo palibe walikhudza. Tiyerekeze wailesi yafika, mphunzitsi wa ku Nkhulambe wakanikiza batani usiku madzi akusefukira. Mbali inayo akumva ndani? Ngati ku ofesi ya DC ku Phalombe kapena kwa a DoDMA, nthambi ya boma yoona za ngozi, kulibe woitchera khutu, ndiye kuti tagula chokuwira m'thengo. Komanso m'midzi muli kale makomiti oona za ngozi. Tisawadumphe ngati ndife tayamba kuganiza.

Mjomba wa ku Epworth: Ndipo woigwira azizolowera. Ife tinkayesa mawailesi shifiti iliyonse. Yongosunga m'bokosi mpaka tsiku la tsoka, mudzaipeza mphemvu zitaikira mazira.

Agogo a ku Mbare: Ine mavoti anga ndi a mjigo. Koma mnyamata apite akafunse.

Mlembi: Chabwino. Bambo a Tiyamike, muimbire a komiti ya ngozi kumudzi mufunse ngati pali mphunzitsi kapena wazaumoyo wofuna kuphunzira, komanso ngati kuboma kuli wailesi yoti ingayankhe. Kondwani, tipezere mitengo yeniyeni, ndipo upemphe mdala wa ku Hatfield ngati angalole anthu atatu tikaone Loweruka. Make Chisomo, kotesheni ya mjigo ija ndi ya chaka chatha, tifunireni yatsopano. Ndalama sizituluka mpaka msonkhano wa pa 30.

Msungichuma: Ndipo asanu ndi awiri simunapereke za mwezi watha. Mayina ndili nawo.