Kodi ntchito ya phungu pa khonsolo ndi makhoti imathera pati?

Mlimi wa tiyi, kwa Mabuka, Mulanje

Moni nonse. Ndabwera ndi funso lomwe latigawa pawiri m'komiti yathu ya chitukuko ya m'mudzi, ndipo ndikupempha odziwa malamulo kuti atiunikire. Chichokereni namondwe wa Freddy, yemwe anakokolola milatho ndi misewu kuno mu Malichi 2023, anthu ambiri amati phungu wabwino ndi amene wamanga mlatho, wakumba mjigo ndiponso wagula bokosi pamaliro. Ena akuti zimenezi ndi za khonsolo, makhansala ndi bwanamkubwa, ndipo malo a phungu ndi ku Nyumba ya Malamulo ku Lilongwe. Palinso anzathu omwe milandu yawo ya malo yakhalitsa osagamulidwa, ndipo amalawirira kunyumba kwa phungu kukapempha kuti akawalankhulire kukhoti. Kodi malamulo amati chiyani kwenikweni, ndipo ife ovota tiyenera kuyang'ana chiyani tisananene kuti phungu wagwira ntchito kapena walephera?

Mphunzitsi wopuma, Luchenza

Bambo a kwa Mabuka, funso lanu ndi lofunika, ndipo chisokonezo chomwe mukuchionacho chili ndi mbiri yake. Malamulo oyendetsera dziko lino, omwe anakhazikitsidwa titalowa m'ndale za zipani zambiri mu 1994, anagawa boma patatu: opanga malamulo, oyendetsa boma, ndi oweruza milandu. Phungu ali m'gulu loyambalo. Ntchito yake ndi kupanga ndi kusintha malamulo, kukambirana ndi kuvomereza bajeti, kufunsa nduna momwe ndalama za anthu zayendera, komanso kupereka madandaulo a dera lake m'Nyumba. Kumanga misika, kukonza misewu ya m'midzi ndi kuyang'anira sukulu za pulayimale zinaperekedwa ku makhonsolo kudzera mu lamulo la maboma aang'ono la 1998 pamodzi ndi ndondomeko ija timaitcha Mphamvu ku Anthu.

Zinthu zinapotoka motere. Makhansala oyamba a m'nyengo ya zipani zambiri anasankhidwa m'chaka cha 2000, koma nthawi yawo itatha mu 2005 chisankho china sichinachitike mpaka 2014. Kwa zaka zisanu ndi zinayi makhonsolo anayenda popanda munthu wosankhidwa ndi anthu a m'mawodi, ndipo ndi m'nyengo yomweyo, m'chaka cha 2006, pomwe thumba la chitukuko cha m'madera a aphungu, lija la CDF, linayambika. Kenako mu 2010 Nyumba ya Malamulo inasintha lamulo la maboma aang'ono ndi kupatsa aphungu mphamvu yovota m'misonkhano ya khonsolo. Mwana yemwe anakula m'zaka zimenezo anangodziwa kuti chitukuko chimabwera ndi phungu, chifukwa khansala sanamuonepo.

Thumbalo linakula m'kupita kwa zaka mpaka kufika pa K200 miliyoni pa dera lililonse m'bajeti ya 2024/25, ndipo pomwe ndalama zinkachuluka, mkangano nawo unkakula. Bungwe la makhonsolo la MALGA linatengera nkhaniyi kukhoti, ndipo mu Meyi 2025 oweruza anagamula kuti zoti aphungu aziyendetsa nawo thumbali ndiponso kuvota m'khonsolo zikutsutsana ndi malamulo oyendetsera dziko. Ine ndikugwirizana ndi chigamulocho pa chifukwa chimodzi: munthu yemwe wasankha ntchito, wasankhanso woigwira, sangabwerenso mawa kudzafunsa moona mtima ngati simenti inabedwa. Komiti ya Nyumba ya Malamulo yoona za kayendetsedwe ka ndalama za boma imaitana mabwanamkubwa kuti afotokoze za ndalama zosowa, ndipo ntchito imeneyi imafooka ngati ofunsawo ali ndi dzanja m'ndalama zomwezo.

Mayi wa m'komiti ya chitukuko ya dera la mfumu yaikulu (ADC), Thekerani, Thyolo

Aphunzitsi afotokoza bwino za malamulo, koma ndikupempha kuti tisawaone anthu akumudzi ngati osazindikira. Mayi yemwe mwana wake akudwala ndipo msewu wopita kuchipatala waduka amapita kwa munthu yemwe ali ndi galimoto ndi ndalama, ndipo kwathu kuno munthu ameneyo nthawi zambiri ndi phungu osati khansala. Ife a m'makomiti timalandira zofuna za midzi kuchokera ku makomiti a chitukuko a m'midzi (ma VDC), timazisanja, timazitumiza kukhonsolo, koma ndalama zochokera ku likulu zimafika zochepa ndiponso mochedwa. Ndondomeko ya Mphamvu ku Anthu ya 1998 inanena kuti makhonsolo azilandira magawo asanu pa zana lililonse la ndalama zomwe boma limatolera, ndipo mpaka lero makhonsolo akudandaulabe kuti zomwe amalandira sizikwanira. Kuchotsa phungu pa thumba la chitukuko kokha sikungamange mlatho.

Komabe pamenepa ndi pomwe ndikuona kuti phungu ali ndi ntchito yeniyeni yomwe sitimufunsa. Bajeti imadutsa m'manja mwake chaka chilichonse. Kodi anaimapo kunena kuti ndalama za makhonsolo ziwonjezedwe ndiponso zizifika pa nthawi yake? Kodi anafunsapo nduna chifukwa chomwe misewu ya kumapiri kuno imakonzedwa mvula itayamba kale? Phungu yemwe wachita zimenezi wathandiza midzi yonse ya m'boma lathu, ngakhale dzina lake lisalembedwe pachikwangwani cha ntchitoyo. Za mabokosi amaliro, nkhani ndi yovuta chifukwa mwambo wathu umalemekeza munthu wothandiza pamavuto, koma tikumbukire kuti lamulo la zipani la 2018 linaletsa kugawa ndalama ndi katundu pofuna kukopa mavoti. Ndipo makhonsolo nawo si angelo. Ngati ndalama zonse zikupita kumeneko, tiyenera kugwiritsa ntchito lamulo lopatsa nzika ufulu wopeza uthenga m'maofesi a boma, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2020, kuti tiziona mapepala a ntchito iliyonse.

Wothandiza anthu pa zamalamulo, Chitakale, Mulanje

Ine ndiyankhe mbali ya makhoti, chifukwa ndi yomwe imandidetsa nkhawa kwambiri. Bambo, chonde auzeni anzanuwo kuti asiye kupempha phungu kuti akalankhule ndi woweruza. Ndime 103 ya malamulo oyendetsera dziko imanena kuti makhoti azigwira ntchito popanda kulamulidwa kapena kukopedwa ndi munthu wina aliyense. Phungu akayesa kutero waphwanya lamulo lomwe analumbira kuliteteza, ndipo ganiziraninso kuti tsiku lomwe phungu angathe kukuwinitsani mlandu ndi tsiku lomwenso mnzanu wodziwana ndi nduna angakulandeni munda. Makhoti oima paokha ndi omwe anathetsa zotsatira za chisankho cha pulezidenti cha 2019 pa 3 Febuluwale 2020, ndipo ufulu womwewo ndi umene umateteza mayi wamasiye pa mlandu wa malire.

Izi sizikutanthauza kuti phungu alibe chochita. Makhoti amachedwa chifukwa oweruza ndi ochepa, nyumba zozengera milandu zili kutali ndi midzi, ndipo bungwe la Legal Aid Bureau, lomwe limapereka maloya kwa anthu osauka, limadalira ndalama zomwe aphungu amavomereza. Lamulo lokhazikitsa makhoti aang'ono a m'madera linavomerezedwa mu 2011, koma makhotiwo sitinawaone akugwira ntchito m'midzi mwathu, ndipo phungu wakhama akanakhala akufunsa za ichi pa mkumano uliwonse. Aphungu ndiwonso amavomereza mkulu wa oweruza milandu akasankhidwa ndi pulezidenti, udindo womwe suyenera kutengedwa mopepuka.

Pa nkhani ya malo, Mulanje ndi Thyolo tili ndi vuto lathulathu, popeza nthaka yabwino yambiri inapita ku maesiteti a tiyi kuyambira nthawi ya atsamunda pomwe anthu akuchulukirachulukira. Lamulo la malo a makolo la 2016, lomwe linakonzedwanso mu 2022, linakhazikitsa makomiti a malo m'midzi ndi mabwalo omva mikangano, kuyambira kwa mfumu yaikulu kufika pa boma, kuti munthu asamathamangire kukhoti lalikulu ku Blantyre pa mkangano wa malire a dimba. Mabwalo amenewa amafuna maphunziro, zolembera ndi ndalama zoyendera. Phungu wa kuno yemwe sanatsegulepo pakamwa m'Nyumba pa nkhani ya malo, ine ndimamuona kuti wasiya ntchito yaikulu kuposa zonse za dera lake.

Mlimi wa tiyi, kwa Mabuka, Mulanje

Zikomo aphunzitsi, mayi, ndi inu bambo a ku Chitakale. Ndatolapo zambiri, makamaka mfundo ya mayi yoti bajeti imadutsa m'manja mwa phungu. Ndifunsenso chimodzi: ngati taona kuti phungu sakuchita zonsezi, kodi tili ndi njira yomuchotsera nthawi yake isanathe, nanga zomwe amalankhula ku Lilongwe tingazidziwe bwanji ife okhala kuno?

Mphunzitsi wopuma, Luchenza

Njira yomuchotsera inalipo mu ndime 64 ya malamulo oyendetsera dziko, koma aphungu eni ake anaifufuta mu 1995, ndipo ngakhale mabungwe ndi mipingo akhala akupempha kuti ibwezeretsedwe, sinabwererenso. Choncho mphamvu yanu ili pa chisankho cha zaka zisanu zilizonse. Zolankhula zonse za m'Nyumba zimalembedwa m'buku lotchedwa Hansard, ndipo mikumano imaulutsidwanso pa wayilesi. Komiti yanu ingathe kulembera phungu kalata, kudzera kwa a gulupu ndi ADC, yomupempha kuti adzafotokoze pamsonkhano mafunso omwe wafunsa nduna, komiti yomwe alimo, ndi maganizo omwe anapereka pa bajeti ya makhonsolo ndi ya makhoti. Khansala wanu mumuitanenso tsiku lomwelo, kuti nkhani ya mlatho ayankhe iyeyo anthu onse akumva.