Bwalo la Tartini ku Piran: bwanji lili ngati dzira?

Nachisale: Moni nonse. Alamu anga anditumizira zithunzi za Piran, katauni ka m'mphepete mwa nyanja ya Adriatic ku Slovenia. Pakati pa bwalo lalikulu anayalapo miyala yoyera mozungulira ngati dzira, ndipo pali chiboliboli cha bambo atanyamula vayolini. Anachitiranji zimenezi? Komanso nyumba zake bwanji zikuoneka ngati za ku Italy?

Wamapulani: Achemwali, pamene mukuona miyala yoyerapo kale panali madzi. Linali doko laling'ono lolowerera m'tauni, momwe asodzi ankakocheza mabwato awo. Tsoka lake, nyansi za m'nyumba zinkathera momwemo, madzi ake osayenda, fungo losaneneka. Mu 1894 akuluakulu a tauni anatopa nalo n'kulikwirira. N'chifukwa chake nyumba zonse zinayang'ana pabwalopo: poyamba zinkayang'ana mabwato.

Za dziralo, mwini nkhani ndi tramu, kasitima ka magetsi koyenda mumsewu. Kuyambira 1912 mpaka 1953 inkachoka ku Piran, kudzera ku Portorož, kukafika ku Lucija. Ikabwerera inkazungulira pabwalopo kuti itembenuke. Njanji anazichotsa kalekale, koma Boris Podrecca, katswiri wa mapulani amene anakonzanso bwaloli chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 ndi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, anatsata mzere womwewo poyala miyala. Ine pamenepo ndimamuvulira chipewa. Wina akanadzaza malowo ndi timiyala tolembalemba mbiri, iye anangosiya mkombero kuti woona adzifunse yekha, monga mwachitira inumu.

Mbewe_77: Pa funso lachiwirilo: Piran inali m'manja mwa Venice, mzinda wa ku Italy, kuyambira 1283 mpaka 1797, ndipo chuma chake chinali mchere wa m'madambo a Sečovlje. Yang'anani khoma la nyumba ya khonsolo, muona mkango wamapiko wa Marko Woyera, chizindikiro cha Venice. Chodabwitsa n'chakuti nyumbayo ndi ya 1879, nthawi ya ulamuliro wa Austria, koma mkangowo sanautaye. Nsanja ya belu ya tchalitchi cha St George, pamwamba pa phiri, anatengera ya ku Venice komweko. Pakona pali nyumba ina ya zaka za m'ma 1400, ya mazenera osongoka ndi kakhonde kam'mwamba. Amati munthu wina wamalonda anamangira chibwenzi chake, tauni yonse n'kumawajeda. Imeneyo ndi nthano chabe, musaitenge ngati mbiri.

Nangozo: Wavayoliniyo ndi Giuseppe Tartini, katswiri woimba vayolini komanso wopeka nyimbo, anabadwira m'nyumba ina ya pabwalo pomwepo mu 1692, n'kukamwalirira ku Padua, ku Italy, mu 1770. Chibolibolicho anachipanga Antonio Dal Zotto, ndipo chinaimikidwa mu 1896.

Koma a Wamapulani, musamutamande kwambiri Podrecca wanuyo. Pakati pa bwalo palibe mthunzi. Dzuwa la July likaswa pa miyala yoyera ija maso amachita kuwawa, anthu onse amathawira m'maambulera a malo omwera khofi m'mphepete.

Wamapulani: Zoona amayi, masana pamatentha. Koma mukanadzala mitengo pakati, mkomberowo ukanaoneka bwanji? Kwerani kutchalitchi kuja dzuwa likapendeka, muyang'ane pansi. Ana amakhala akuthamangitsana mozungulira momwe munkadutsa tramu.

Nachisale: Zikomo nonse. Ndiwauza alamu akwere phirilo asanabwerere, andijambulire kuchokera pamwamba.