Hanesi ya galu ya M ikumudya m'khwapa, ya L akuivula: tiyeze pati?

Woyendetsa agalu: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Pali galu wamkazi wa kasitomala, wolemera makilogalamu 22, wachifuwa chakuya koma chiuno chowonda ngati galu wa mtundu wa greyhound. Kulemera kwakeko kukugwera pa sayizi M. Koma hanesi (malamba omuveka galu pachifuwa n'kumangirapo chingwe) ya M ikumudya m'khwapa, ubweya wathothoka, khungu lafiira. Ya L ndiye akangodzidzimuka n'kubwerera chafutambuyo, amaivula ngati malaya. Pakati pake palibenso sayizi ina. Nditani?

Wophunzitsa agalu: Achimwene, sikelo isiyeni kaye. Agalu awiri olemera mofanana amatha kusiyana chifuwa kwambiri. Kulemera kumangokuuzani kuti malamba ndi zitsulo zikhale zolimba bwanji, sayizi imachokera pa tepi. Tengani tepi ya telala. Ikasowa, chingwe chosatamuka chikwanira, mudzachiyeza pa rula. Galu aime chilili ndi miyendo yonse inayi, mutu uli kutsogolo, asakhale pansi. Muyeso woyamba, zungulizani tepi pomwe chifuwa chakula kwambiri, kumbuyo pang'ono kwa zigongono. Wachiwiri ndi tsinde la khosi, osati pomwe pamakhala kolala ayi. Yambirani pa kafupa kosongoka kakutsogolo kwa chifuwa, mudutse kutsogolo kwa mapewa mpaka pomwe khosi lakumana ndi msana, n'kubwerera pa kafupako mbali inayo. Tepi igunde thupi koma isafinye. Yezani kawiri, mutiuze.

Woyendetsa agalu: Chifuwa masentimita 69, khosi 41. Pa chikalata cha wopanga, M ikuyambira 56 kulekeza 70, L ikuyambira 68 kulekeza 82.

Wometa agalu: Akagwera pakati, mwambo wake timatenga yaikulu n'kumangitsa malamba. Koma achimwene, onetsetsani kuti chikalatacho chili m'masentimita. Ena amalemba mainchesi, ndipo inchi imodzi ndi masentimita 2.54. Komanso M wa kampani ina si M wa inzake. Ngati galuyo ndi waubweya wambiri, tepi ilowe mpaka pakhungu, ndipo akametedwa muyezenso.

Wosoka malamba: Achemwali, zotenga yaikuluzo zimathandiza agalu ambiri, koma pa uyu ndikukana. Manambalawo akuonetsa pomwe pagona vuto. Chifuwa chake n'cha L, khosi lake n'la M kapena kucheperapo. Mukamangitsa ya L, lamba wozungulira chifuwa agwira bwino, koma khomo la khosi likhalabe lalikulu, ndiye akakoka chambuyo n'kuweramitsa mutu, zonse zimatsetserekera kumakutu.

Ya M nayo sikuti ikuthina pozungulira pokha. Pali muyeso wachitatu womwe ambiri salemba n'komwe: kutalika kwa lamba wapansi, wodutsa pakati pa miyendo yakutsogolo. Yezani kuchokera pa kafupa kaja, mudutse pansi pa chifuwa, mpaka pomwe mukufuna lamba wozungulira akhale. Pa galu wachifuwa chakuya mtunda umenewu umatalika. Lamba wapansiyo akafupika amakokera lamba wozungulira kutsogolo, n'kulowa m'khwapa, ndiye pa sitepe iliyonse chigongono chimakhula m'mphepete mwa lambayo. Choyipitsitsa n'chakuti chomangira chapulasitiki chikakhala pomwepo, chimakanda koposa nsalu. Pakati pa khwapa ndi lamba pasiyidwe mpata wa zala zitatu pa galu wa msinkhu uwu. Pa kagalu kakang'ono zala ziwiri, pa chigalu chachikulu mpaka chikhatho chonse.

Ndiye funani hanesi yooneka ngati Y kutsogolo, yosinthika malo anayi kapena asanu, kuphatikiza khosi ndi lamba wapansi uja. Pomwe mikono ya Y yakumana pakhale pa kafupako. Pakakwera, pamafinya kholingo ndipo galu amatsokomola akakoka. Pakatsika, malamba amagona pa mfundo za mapewa, galu amayenda mofupikitsa miyendo. Malamba a mamilimita 20 kapena 25 m'lifupi ndi oyenera kulemera kumeneku. Opyapyala kuposa apa amadula khungu.

Wophunzitsa agalu: Zoona zimenezo. Ndiwonjezere za kuvulako. Galu wamantha wachiuno chowonda amapulumuka ngakhale mu hanesi yokwana bwino, bola akhale ndi nthawi yolimbana nayo. Mankhwala ake ndi hanesi ya malamba atatu. Wachitatuyo amazungulira kumbuyo, pomwe thupi layamba kuchepa, ndipo poti ndi wocheperapo kuposa chifuwa, sangadutse kupita kutsogolo. Muyezenso pamenepo. Kwa woyendetsayo, galu akayamba kubwerera chafutambuyo musakoke chingwe muli kutsogolo kwake, mukumuthandiza kuvula. Khwefulani chingwe, musunthire kumbali kwake kapena kumbuyo.

Wothandizira dokotala wa ziweto: Lamba wachitatuyo agone pa nthiti zomaliza, asapitirire pamimba pofewa, ndipo chingwe chisamangidwe pa lambayo. Za m'khwapamo, hanesi ya M isavalidwenso kufikira khungu litapola. Tsukani ndi madzi oyera, umitsani bwino, galu asamanyambitepo. Pakayamba kutuluka madzi, kununkha kapena kutupa, apite kwa dokotala. Hanesi yonyowa kapena yolowa mchenga imasupula khungu ngakhale sayizi ili yolondola, choncho izichapidwa n'kuuma, ndipo izivulidwa galu akafika pakhomo.

Woyendetsa agalu: Zikomo kwambiri akuluakulu. Yatsopanoyo ikafika, ndidziwa bwanji kuti yakhala?

Wosoka malamba: Mangitsani mbali zonse ziwiri mofanana, kuti mphete yachitsulo ikhale pakati pa msana. Lowetsani zala ziwiri chogona pansi pa lamba aliyense. Zikakana kulowa yathina, zikalowa zitatu momasuka yakhwepa. Kenako muli mkati mwa mpanda, gwirani hanesi pamsana muikokere kumutu pang'onopang'ono, isadutse mapewa. Muyendetseni, akhale pansi, agone, athamange pang'ono, mukuyang'ana ngati ikupendekera mbali imodzi. Pakatha mphindi 10 kapena 15, ivuleni, mupatule ubweya m'khwapa ndi pachifuwa muone ngati pafiira. Malamba atsopano amatsetsereka m'zitsulo zosinthira, ndiye sabata yoyamba muziyesa zala ziwirizo tsiku lililonse musanatuluke pageti.