Kodi kuno ku Chigwa kuli gulu la anthu ofuna kusiya mowa?

Membala wobisa dzina: A admin, dzina langa lisaoneke chonde. Ndine bambo wa zaka 41, ndimakhala chakuno ku Nchalo. Nyengo yodula nzimbe ndimagwira ganyu, ikatha ndimapalasa kabaza. Kachasu ndinayamba ndili mnyamata, koma zinafika poipa namondwe wa Freddy atatigwetsera nyumba mu Malichi 2023. Ku kampu kunalibe chochita, tinkangomwa. Anzanga anabwerera kukamanga, ine ndinabwerera ndi botolo. Mwezi watha ndinagulitsa mbuzi ya mayi a kunyumba iwo atapita kumaliro ku Bangula. Mwana wanga wamkazi ndiye anandifunsa kuti mbuzi ili kuti, ndipo ndinamunamiza kuti yajiwa ndi fisi.

Lero ndi tsiku lachitatu osalawa. Manja akunjenjemera moti foniyi ndikuigwira ndi manja awiri, usiku thukuta lokhalokha, tulo palibe. Kutchalitchi anandipempherera kangapo, sindikunyoza, koma tikatuluka aliyense amapita kwawo, ine njira yanga imadutsa pa shabini. Ndikufuna anthu amene akudziwa chibaba chimenechi m'thupi mwawo. Kodi ku Chikwawa, Ngabu kapena Nsanje kuli gulu lotere lomwe limakumana? Zokwera mapiri a Thabwa sabata iliyonse kupita ku Blantyre sindingakwanitse.

Mnyamata wa pa Dyeratu: Mdala ingosiyani basi, ndi maganizo chabe. Gulu la chiyani?

Namwino wina: Achimwene, za gulu tikamba, koma choyamba pitani kuchipatala lero lomwe, osadikira mawa. Munthu amene wamwa kwambiri kwa zaka zambiri akasiya mwadzidzidzi, masiku oopsa kwambiri ndi achiwiri mpaka achinayi. Ena amagwa ngati akhunyu, ena amaona zinthu zoti palibe, kumalankhula zosamveka, ndipo anthu amafa nazo. Ndi kutentha kwathu kuno thupi limatha madzi msanga. Pali mankhwala ochepetsa kunjenjemerako, komanso vitamini B1 woteteza ubongo. Pitani pa chipatala cha boma ku Chikwawa kapena ku Montfort komweko ku Nchalo, mukanene zoona: mumamwa zochuluka bwanji, mwasiya liti. Musapalase njinga nokha, wina akuperekezeni. Mukafunsenso namwino woona za matenda a maganizo. Mawu oti "a maganizo" asakuopseni, sikuti akukutumizani ku Zomba.

Ndipo inu a pa Dyeratu, manja onjenjemera si maganizo.

Mayi a ku East Bank: Nkhani ya mbuziyo yandikhudza. Kwathu inali mbewu ya mapira, bambo anasinthanitsa ndi kachasu mvula itayandikira. Auzeni mayiwo zoona za mbuzi. Akudziwa kale, akungodikira kuti zichoke pakamwa panu. Tsiku lolandira ndalama azipita nanu, zotsala zilowe ku banki mkhonde dzuwa lisanalowe.

Bambo a ku Ngabu, zaka 6 osamwa: Achimwene, ine gulu lotere ndinalipeza ku Johannesburg ndikugwira ntchito. Limatchedwa Alcoholics Anonymous, mwachidule AA, linayamba ku America mu 1935 ndi zidakwa ziwiri zomwe zinaona kuti zikamacheza za vuto lawo, tsiku limatha osamwa. Salipiritsa, safunsa mpingo wanu, ndipo mumangotchula dzina loyamba. Mumakhala pansi, wina amafotokoza zake, ena kumvetsera osamudula mawu, osamulalikira. Salonjeza zosiya moyo wonse, amangoti lero lokha.

Nditabwerera kumudzi ndinafunsafunsa, sindinalipeze pafupi. Misonkhano ya pa Zoom ilipo yambiri, koma yochuluka ndi ya Chingerezi ndipo bandulo imatha ngati madzi. Chomwe ndinagwira ndi mfundo yawo yoti anthu awiri kapena atatu ofuna kusiya mowa akakumana, limenelo ndi gulu kale. Ndiye ndinapeza mnzanga mmodzi, msodzi, tinayamba kukhala pansi pa mtengo wa masau Lachisanu lililonse madzulo. Tinasankha dala Lachisanu, mukudziwa chifukwa chake. Mnzangayo wagwapo kawiri, kawiri konse anabweranso.

Vuto lalikulu kwathu kuno si malo, ndi pakamwa. Tonse timadziwana. Mukakumana kuseri kwa sitolo mawa msika wonse wamva. Ife lamulo ndi limodzi: zokambidwa pa mtengo zimatsala pa mtengo, ngakhale kwa akazi athu.

Mlongo wina: Saint John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe amathandiza anthu ovutika ndi mowa. Ndi kutali inde, koma zikakanika kuno mudziwe kuti kuliko.

Membala wobisa dzina: Zikomo nonse. Mlamu wanga wavomera kundikweza pa njinga yamoto, tikunyamuka pompano kupita kuchipatala. Mayi ndawauza za mbuzi, angoti "ndimadziwa", kenaka akandifunira buku la kuchipatala. Bambo a ku Ngabu, ndapempha a admin atilumikizitse. Lachisanu mumayamba nthawi yanji, nanga minibasi nditsikire pati?