Ndilipiretu night rating kapena ndiyambe ndakhoza PPL?

Yamikani (Bvumbwe): Akuluakulu, ndithandizeni maganizo. Ndikuphunzira kuulutsa ndege kuti ndipeze PPL, laisensi yoyamba ya woulutsa ndege. Ndili ndi maola 48 pa ndege ya Cessna 172, mayeso olemba ndinakhoza onse, ulendo wa ndekha wa ma nautical mile 150 uja ndinayenda kale. Ndalama zitandithera mu Febuluwale ndinabwerera kumudzi, moti yatha miyezi inayi ndisanagwire yoke (chiwongolero cha ndege). Pano amalume agulitsa makadamiya ndipo andipatsa kangachepe. Kusukulu ku Johannesburg akuti ndifike Lolemba pa 14 Julaye, mayeso a m'mwamba Lachitatu. Akutinso ndikalipiriratu night rating (chilolezo chouluka usiku) andichotserako mtengo. Kwachayi mukuidziwa, mu Novembala 2023 inagwa ndi 44 peresenti tikugona. Ndilipire zonse kamodzi?

Tadala (Limbuli): Achimwene, kufika Lolemba n'kuyesedwa Lachitatu? Mutakhala pansi miyezi inayi? Ine ndinangokhala masabata asanu ndi limodzi, tsiku lobwerera ndinatera ngati ndaponya thumba la chimanga. Mutu umakumbukira, koma mapazi pa zopondera za rudder (chiwongolero cha kumchira kwa ndege) amaiwala msanga.

Bambo Likoswe (Luchenza): Mwana wanga, nkhani ya kwacha tiyiike kaye pambali. Mwakhala mukuganiza za night rating, koma chomwe chili pakhomo ndi Lachitatulo. Woyesa sakakufunsani kuti mwalipira zingati. Akakwera nanu, mwadzidzidzi abweza throttle (chowongolera mphamvu ya injini) n'kuti injini yafa. Pamenepo mphuno mwaiika pa liwiro la glide (kuuluka popanda mphamvu ya injini) lomwe lili m'buku la ndegeyo? Munda woteramo mwausankha, kapena mukuyang'anayang'ana ngati mlendo pamsika wa Bvumbwe? Mphepo ikuchokera kuti? Ambiri amene ndawaona akulephera, alephera pomwepa: amasankha munda, kenaka mtima ukawasintha ali pansi kale, n'kuthamangira wina woti sangaufike. Steep turn (kukhota ndege itapendekeka kwambiri) ya madigiri 45 nayonso imaulula munthu amene wakhalitsa osauluka, chifukwa ndege imayamba kutsika iye maso ali pa geji m'malo moyang'ana kunja. Pemphani akusunthireni tsiku. Muuluke ndi mphunzitsi kanayi kapena kasanu masiku ondondozana, ulendo umodzi ukhale ngati mayeso enieni, makamaka ndi mphunzitsi amene sanakuphunzitsenipo. Wanu uja anazolowera zolakwa zanu.

Yamikani: Zikomo bambo. Koma maola owonjezerawo adya ndalama ya night rating yomwe ija.

Bambo Likoswe: Adyedi. Kubwereza mayeso kudya yochuluka: ndege, woyesa, lendi ya chipinda, zonse kawiri.

Chisomo (Chitakale): Ndiwonjezepo pa zimene anena bambowa. Yamikani, ku Johannesburg si ku Chileka. Chileka ili pa mafiti 2,500 ndi kanthu, pomwe mabwalo akumeneko apitirira 4,000, ena apitiriranso 5,000. Mpweya ndi wopepuka, ndege imathamanga mtunda wautali isananyamuke. Woyesa akupatsa kulemera kwake ndi chikwama chake n'kuti werengera weight and balance (kulemera kwa ndege ndi mmene kulemerako kwagawikira) komanso kutalika kwa msewu wofunika ponyamukira. Zimenezi sizifuna ndege, ungazichite pakhonde pomwepo. Mwayi wako ndi woti Julaye kumeneko n'kouma, kumwamba kuli mbee. Ukachedwa mpaka Novembala uzikalimbana ndi mabingu a masana, ndipo ndalama izithera podikira nyengo.

Tadala: Pakhonde pomwepo muzikhalanso pampando, mutseke maso, muzitchula checklist mokweza manja akuloza pamene pali chilichonse. Ine agogo ankati ndayamba kubwebweta. Za pa wailesi nazonso muziyeseza, poti lilime limauma kuposa manja. Ndipo chiperoni chikaphimba Mulanje m'mawa, muzidzifunsa: lero ndikadanyamuka? Ndikadakhala kale m'mwamba, ndikadakhotera kuti? Funso la diversion limabwera chonchi.

Mayi Nachuma (Thyolo boma): Ine sindiulutsa, ndimagwira za ma akaunti, koma mwana wanga anadutsa njira yomweyi. Yamikani, chikalata chako cha dokotala ndi Class 2 eti? Ngati cholinga ndi CPL, laisensi youlutsa ndege pa ntchito yolipidwa, ukufunika Class 1. Kayezetse imeneyo usanaike khobidi pa maphunziro ena. Mnzake wa mwana wanga analipiratu zambiri, kenaka dokotala n'kumupeza ndi vuto la maso, ndipo kuti ndalama ibwerere panali ntchito. Sukulu ina imene tinkaidziwa inatseka ophunzira atalipiratu. Ngati ukuopa kugwa kwa kwacha, funsa kubanki njira yovomerezeka yosinthira ndalamayo ikhale m'dzina lako, uzilipira pang'onopang'ono ukamauluka.

Chisomo: Onanso tsiku limene unakhoza mayeso olemba omaliza, ali ndi malire ake. Night rating siithawa, ndipo maola ake amawerengedwa pa maola 200 ofunika pa CPL. Ukakhoza, pumako masiku awiri, uuluke wekha kangapo, kenaka uyiyambe usanabwere kuno, manja akadali otentha. Za kusintha laisensi kuti ikhale ya kuno tidzakambirana ukadzafika.

Yamikani: Ndamva makolo anga. Ndawalembera kuti mayeso akhale sabata yotsatira, pa 23, ndipo ndapempha maulendo asanu ndi mphunzitsi. Kwa dokotala ndikayambira komweko Lachiwiri. Night rating ndawauza kuti ndiyankha ndikatsika.

Bambo Likoswe: Nanga amalume mwawauza kuti tsiku lasuntha? Asakakonzeretu mbuzi ya pa 16.

Yamikani: Mbuziyo anaimanga kale kuseri kwa khitchini, bambo. Idya msipu sabata ina.