Kodi The Conjuring 2 ikuyeneradi matamando onsewa?

Anzanga okonda mafilimu oopsa, ndithandizeni maganizo. Ambiri amati The Conjuring 2, filimu yotsogoleredwa ndi James Wan, yomwe inatuluka mu 2016, inaposa yoyamba ya 2013, koma ine ndikukayika. Yoyamba ndi ya mphindi 112, yachiwiri 134, ndipo kutalikako kumaziziritsa mantha chapakati. Paja Ed Warren, wofufuza za mizimu, amafunsa mzimu wa malemu Bill Wilkins atamufulatira Janet, mtsikana wogwidwa ndi mzimuwo, kamera osasuntha, mwanayo akuoneka mwachimbuuzi kumbuyo, pamenepo thupi limachitadi tsemwe. Koma Valak, chiwanda chooneka ngati sisitere, anachita kumuwonjezera kujambula kutatha kale, n'chifukwa chake sakulukana bwino ndi nkhani yaikulu ya filimuyi, yochitikira ku Enfield, dera la ku London. Nanga inu chimakugwirani n'chiyani kwenikweni, kajambulidwe kapena phokoso lodzidzimutsa chabe? Munditchulire malo ake enieni mufilimumo.