Kodi ndilole mwana wanga azindilipirira inshulansi yoteteza anthu oberedwa dzina?

Membala wobisa dzina, Matawale, Zomba:

Abale anga a m'gulu muno, ndikupempha malangizo, makamaka kwa inu amene mumagwira ntchito za inshulansi ndi mabanki, komanso inu amene muli kunja. Ndine mphunzitsi wa ku pulayimale kuno ku Zomba ndipo ndatsala pang'ono kupuma pa ntchito. Chaka chatha ndinaona pa peyisilipi yanga kuti andidula K46,000 ya ngongole imene sindinatenge. Nditafufuza ndinapeza kuti munthu wina anagwiritsa ntchito fotokope ya chiphaso changa cha unzika pamodzi ndi nambala yanga ya ntchito n'kukakongola ndalama ku kampani ina yobwereketsa. Atandionetsa fomuyo, dzina linali langa, tsiku lobadwa linali langa, koma siginecha inali ya dzanja lina, ndipo nambala ya foni kumene ndalamazo zinapita sindinaionepo chibadwire.

Panadutsa miyezi isanu ndi iwiri kuti kudulako kuleke. Ndinapita ku Blantyre kanayi pa minibasi, ndinatenga lipoti la apolisi, ndinakalumbira ndi kulipira kalata yotsimikiza kuti siginechayo si yanga, ndipo tsiku lililonse la ulendo ndinkasiyira mnzanga ana oposa 90 a kalasi langa. Ndalama zimene anadula anandibwezera pamapeto pake, koma za maulendo ndi mapepala zinapita. Chimene chinandipweteka koposa n'choti paliponse ndinkaima ngati wakuba amene akukana ngongole yake, ine wa imvi kumutu.

Tsopano mwana wanga amene ali ku Indiana, m'dziko la America, akuti iye amalipira inshulansi ya vuto lomweli mwezi uliwonse, ndipo akufuna kundilembetsa inenso. Sindikufuna kukana chifundo cha mwana, komanso sindikufuna kuti thukuta lake lipite pachabe. Kodi inshulansi imeneyi ndi yoyenera kuilipira?

Bambo wa ku Chinamwali, wogulitsa inshulansi:

Amayi, pepani kwambiri ndi zimene munakumana nazo. Ndagulitsa inshulansi ya galimoto, ya moto ndi ya maliro kwa zaka zambiri, ndipo chimene ndimauza aliyense n'chakuti asagule dzina la polise (pangano la inshulansi), koma awerenge zimene zalembedwa m'kati mwake. Inshulansi yamtundu umenewu siiletsa mbava kukuberani dzina. Kawirikawiri imabweza zimene mwawononga poyeretsa dzinalo, monga malipiro a loya, a makalata olumbirira, a foni ndi positi, komanso malipiro a masiku amene munajomba ku ntchito. Ndalama zenizeni zimene mbava yatenga mapolise ambiri sabweza, ndipo amene amabweza amaika malire ndi zifukwa zambiri zokanira. Mukaona bwino, zimene zinakutherani inu pa maulendo a ku Blantyre ndi mtundu womwewo wa zimene inshulansiyi imalipira, choncho funso lanu si lachabe ayi. Koma mwana wanu asanalipire kalikonse, afunse kampaniyo kuti ilembe poyera ngati imateteza munthu wokhala ku Malawi, ngati imavomereza lipoti la apolisi a ku Zomba, komanso ngati ingalipire loya wa kuno. Ndipo wina akabwera kudzakugulitsani yofanana nayo kuno kwathu, yambani mwatsimikiza kuti kampani yake ili ndi chilolezo cha Reserve Bank of Malawi, chifukwa ndiyo imayang'anira makampani a inshulansi.

Mayi wokhala ku America:

Achemwali, ine ndili kuno zaka zoposa khumi ndipo ndikumvetsa chifukwa chake mwana wanu akuganiza choncho. Kuno moyo wonse wa munthu wamangidwa pa nambala imodzi yotchedwa Social Security, ndipo amene waipeza akhoza kutsegula khadi la ngongole kapena kubwereka ndalama m'dzina lanu ali pa kompyuta, osaonana ndi munthu aliyense. Mu 2017 akuba a pa intaneti analowa m'makompyuta a kampani ya Equifax, yosunga mbiri ya ngongole za anthu, n'kutenga mbiri ya anthu pafupifupi 147 miliyoni, ndipo kuyambira pamenepo mantha a anthu anakula kwambiri. Makampani ogulitsa chitetezo chimenechi, monga LifeLock, amalipiritsa mwezi uliwonse, nthawi zambiri pakati pa madola 10 ndi 30, ndipo amalengeza chitetezo chofika madola 1 miliyoni kapena kuposerapo. Komabe gawo lalikulu la ntchito yawo ndi kuyang'anira nambala ija m'mabuku a Equifax, Experian ndi TransUnion a kuno ku America, kenako n'kukuchenjezani wina akaigwiritsa ntchito. Inu mulibe nambala imeneyo, ndipo ngongole imene anakulembani inali m'mabuku a kwathu ku Malawi, kumene maso a makampani amenewa safika. Ngakhale ife a kuno, ambiri timangotseka mbiri yathu ya ngongole kuti wina asaigwiritse ntchito, zimene lamulo linalamula kuti zizichitika mwaulere kuyambira mu 2018. Ine ndikuona kuti mwana wanu adzakhala akulipirira mlonda woyang'anira nyumba imene inu simukhalamo.

Mnyamata wa ku Songani, ajenti wa Airtel Money ndi Mpamba:

Mayi anga, ndiloleni ndiyankhule za pepala lija, chifukwa pamenepo ndi pamene panayambira vuto. Chiyambire kalembera wa ziphaso za unzika wa NRB mu 2017, chiphasochi chimafunika paliponse, ku banki, polembetsa simukhadi, pofunsira ntchito, ndipo mafotokope ake angoti mbwee. Ndinaonapo ndi maso anga m'shopu ina yojambulira mapepala, katoni yodzaza ndi mafotokope amene anatuluka otuwa kapena okhota ili pansi pa tebulo, nkhope ndi nambala za anthu zikuoneka bwinobwino. Mukamajambulitsa, tengani ngakhale pepala lowonongekalo, ndipo pa fotokope iliyonse lembani modutsa pakati ndi bolopeni tsiku ndi ntchito yake, kuti wina asakaigwiritsenso ntchito kwina. Foni yanu ikangotaya netiweki mwadzidzidzi pamene ya anzanu ikugwira, thamangirani ku ofesi ya kampani ya foni tsiku lomwelo, chifukwa n'kutheka kuti wina watulutsa simukhadi ina pa nambala yanu. Nambala yachinsinsi musauze munthu, ngakhale woimba foni atanena kuti ndi wa ku likulu.

Bambo wa ku Sadzi, wopuma pa ntchito ya boma:

Ine sindikugwirizana kwenikweni ndi onse amene akuti musalipire. Mayiwa anali ndi mphamvu zokwera minibasi kanayi, koma akadzapuma pa ntchito n'kumadalira penshoni, mlandu wotere udzawathera m'mafupa. Ngati mwana ali ndi mtima wothandiza, ndalamayo isakanidwe. Ingosintha kolowera. Azitumiza yomweyo mwezi uliwonse ndipo isungidwe mu akaunti yapadera ya maulendo ndi loya. Dziwaninso, Amayi, kuti kuno kwathu kuli mabungwe osunga mbiri ya ngongole, Credit Data CRB ndi TransUnion, ndipo mukhoza kupempha lipoti lanu kuti muone ngati ngongole yabodza ija inafufutidwadi. Kampani yobwereketsa ikakana kukumverani, dandaulo limapita ku Reserve Bank, ndipo wosakwanitsa kulipira loya amathandizidwa ku Legal Aid Bureau. Tilinso ndi lamulo la 2024 loteteza mbiri ya anthu, limene limaika udindo pa mabungwe osunga mapepala athu kuti aziwasamala.

Membala wobisa dzina, Matawale, Zomba:

Zikomo kwambiri nonse, mwanditsegula maso. Ndayankhula ndi mwana wanga usiku wathawu ndipo ndamuwerengera mayankho anu. Atatsegula fomu yolembetsera wapeza kuti ikufuna nambala ya Social Security ndi keyala ya ku America, choncho wavomera kuti tisiye. Tagwirizana kuti azitumiza ndalamayo kuno monga mwanenera Bambo a ku Sadzi. Chimene chandidetsa nkhawa tsopano ndi lipoti la ngongole lija, chifukwa kampani ija inangosiya kudula koma sinandipatse kalata iliyonse yonena kuti dzina langa layera. Kodi ndiyambe ndakatenga kalatayo ku Blantyre, kapena ndiyambe ndapempha lipotilo kuti ndikapite nalo m'manja?